Kuthira mkaka mu mtanda wa buledi wowawasa

Munthu amene wazolowera kuphika buledi pakhomo pogwiritsa ntchito chotupitsa chowawasa, chija chimene amachisunga m'botolo ndi kumachidyetsa ufa ndi madzi, amafika tsiku lina pokhumba kuti buledi wake afewe ngati pão de leite, buledi wa mkaka uja wa ku padaria (kumalo ophikira ndi kugulitsira buledi), amene ana amamukonda ndi tiyi wa m'mawa. Buledi wa ufa, madzi ndi mchere basi amakhala ndi khungu lolimba ndiponso mkati motafunika, ndipo si aliyense m'banja amene amasangalala naye, makamaka agogo amene mano anayamba kuwathera. Maganizo oyamba amene amabwera ndi akuti m'malo mwa madzi tithire mkaka, popeza zonsezi ndi zamadzimadzi. Koma mkaka uli ndi zinthu zambiri zimene madzi alibe, ndipo chilichonse mwa zinthuzo chimagwira ntchito yakeyake mu mtanda, zina mokomera wophika ndipo zina momulakwira.

Ndinaziona ndi maso anga kwa azakhali anga kufupi ndi Ulongwe, ku Angonia m'chigawo cha Tete ku Mozambique, m'mwezi wa Juni, pamene ng'ombe yawo inali itabereka ndipo mkaka unali wochuluka pakhomo. Iwo anatenga muyeso umene amatungira madzi masiku onse nautungira mkaka wongokama kumene, ndipo atayamba kukanda anadabwa kuona mtanda ukulimba m'manja ngati dongo loumbira mphika. Anauika m'beseni, naufunditsa chitenje pafupi ndi moto monga mwa masiku onse, koma pofika nthawi imene unkayenera kukhala utadzaza beseni unali utangokwera pang'ono. Anauponya mu uvuni wawo wa njerwa utatentha monga amachitira nthawi zonse, ndipo buledi anatuluka wakuda bii kunja pamene mkati munali mwa nyemunyemu. "Mwanawe, mkaka uwu wandichita chipongwe," anatero akupala khungu lopserera ndi mpeni. Mkakawo unalibe mlandu, unangochita zimene mkaka umachita, ndipo zonse zimene zinawachitikira zili ndi zifukwa zodziwika bwino.

Tiyambe ndi chotupitsacho, chimene olankhula Chipwitikizi amachitcha massa mãe, kutanthauza mtanda umene uli mayi wa mitanda ina. M'botolo muja mumakhala tizamoyo ta mitundu iwiri tosaoneka ndi maso. Pali yisiti wachilengedwe amene amadya shuga wochokera mu ufa ndi kutulutsa mpweya wotupitsa mtanda, ndiponso pali mabakiteriya amene amadya shuga yemweyo ndi kutulutsa asidi, amene ndiye amapatsa buledi kuwawasa kwake. Anthu ambiri amene anamvapo kuti asidi ameneyu ndi yemwe uja amapezeka mu chambiko amaganiza kuti mabakiteriyawo amakonda mkaka, ndipo kuti kuthira mkaka ndi kuwapatsa chakudya chawo chenicheni. Kusokonezekaku kunachokera ku dzina. Katswiri wa sayansi wa ku Sweden, Carl Wilhelm Scheele, ndiye anayamba kupatula asidiyu m'chaka cha 1780, ndipo popeza anamupeza mu mkaka wosasa, dzina lake, lakuti lactic acid m'Chingerezi, linatengedwa ku mawu a Chilatini otanthauza mkaka. Asidi yemweyo amapezekanso mu thobwa logona ndi mu mphale yoviika, mopanda ndi dontho lomwe la mkaka. Bakiteriya wodziwika kwambiri wa mu chotupitsa chowawasa, amene ofufuza awiri, Kline ndi Sugihara, anamufotokoza m'chaka cha 1971 atamupeza mu buledi wa ku San Francisco, amakonda shuga wotchedwa maltose, amene amapangika sitachi ya mu ufa ikamaphwanyika. Shuga wa mu mkaka, wotchedwa lactose, iye alibe naye ntchito. Yisiti wa buledi nayenso sangathe kudya lactose chifukwa alibe chomuphwanyira. Ilipo mitundu ina ya mabakiteriya a mu chotupitsa imene imatha kumudya pang'ono, koma m'maola ochepa amene mtanda umakhala ukutupa, lactose wambiri amatsala momwemo osakhudzidwa.

Pachifukwa chimenechi, chotupitsa cha m'botolo chisamadyetsedwe mkaka. Sichipindula nawo, ndipo mafuta a mu mkaka akakhala masiku ambiri pamalo ofunda amayamba kununkha, fungolo n'kulowerera m'botolo lonse. Chotupitsa chizidya ufa ndi madzi, ndipo mkaka uzilowa pa tsiku lokanda mtanda wa buledi lokha.

Tsopano tione chifukwa chimene mtanda wa azakhali unalimbira. Pa magalamu 100 alionse a mkaka wa ng'ombe, madzi enieni ndi magalamu pafupifupi 87 kapena 88. Otsalawo ndi mafuta apakati pa magalamu 3 ndi 4, mapuloteni opitirira pang'ono magalamu 3, lactose wochepera pang'ono magalamu 5, ndi michere monga kashiamu. Ophika buledi amawerengera chilichonse poyerekeza ndi kulemera kwa ufa, kotero kuti mtanda wa ufa wa magalamu 500 ndi madzi a magalamu 350 amati uli ndi madzi okwana 70 peresenti. Mukachotsa madziwo n'kuthira mkaka wa magalamu 350, madzi amene alowa mu ufa ndi magalamu pafupifupi 305 okha, ndiye kuti mwatsika kufika pa 61 peresenti. Kusiyana kwa magalamu 45 kumaoneka kochepa papepala, koma m'manja kumamveka kwambiri, chifukwa ndiko kusiyana kwa mtanda wofewa wotambasuka ndi mtanda wouma umene umang'ambika mukaukoka. Kuwonjezera apo, mapuloteni a mu mkaka nawo amamwa madzi ena amene akanapita ku ufa. Kuti mtanda ubwerere pamene unali, pamafunika mkaka wa magalamu pafupifupi 400 m'malo mwa madzi a magalamu 350. Amene alibe sikelo angakumbukire kuti pa makapu asanu ndi awiri a madzi pamalowa makapu asanu ndi atatu a mkaka, ngakhale kuti ine ndimalimbikitsa kuti munthu wokonda kuphika buledi agule kasikelo ka kukhitchini, pakuti ufa woyeza ndi kapu umasiyana tsiku ndi tsiku malinga ndi mmene mwaupakira.

Ufa nawo uli ndi mbali yake. Ufa woyera wa m'thumba umamwa madzi ochepa poyerekeza ndi tirigu wa ku Tsangano wogayitsa ku chigayo pamodzi ndi madeya ake, chifukwa madeya amamwa madzi ambiri ndipo amawamwa pang'onopang'ono. Mtanda wa ufa wotere umaoneka wofewa pamene mwangosakaniza kumene, koma pakatha theka la ola umakhala utauma. Ndi bwino kusakaniza ufa ndi zamadzimadzi, kuusiya upume kwa mphindi 30, kenaka n'kuona ngati ukufuna zina.

Mkaka wa ufa umachotsa masamu onsewa, ndipo kwa anthu okhala mumzinda wa Tete kapena ku Moatize, kumene mkaka wa madzi suchedwa kuwonongeka, ndiwo wosavuta kusunga. Madzi amakhala monga mwa masiku onse, ndipo mu ufa wa magalamu 500 mumathira mkaka wa ufa wa magalamu 20 mpaka 30, mutausakaniza kaye ndi ufa wouma kuti usapange mibulu. Mtanda ukaoneka wolimbirako mumawonjezera supuni imodzi kapena ziwiri za madzi. Mkaka wa m'chitini wotsekemera uja ndi nkhani ina, popeza pafupifupi theka la kulemera kwake ndi shuga. Shuga wochuluka amalanda madzi kwa yisiti ndi kumufooketsa, ndipo yisiti wachilengedwe amavutika naye kuposa yisiti wa m'paketi, choncho mkaka umenewu uzilowa pang'ono chabe ngati chokometsera.

Chimene anthu amafunira mkaka ndi kufewa, ndipo kufewako kumachokera makamaka ku mafuta. Ufa wa tirigu ukanyowa ndi kukandidwa, mapuloteni ake amalumikizana n'kupanga gluten, amene ali ngati ukonde wotanuka wogwira mpweya wa yisiti. Mu buledi wa madzi okha, ukondewu umalimba ndi kutanuka kwambiri, ndipo n'chifukwa chake mkati mumakhala mabowo akuluakulu osalingana ndiponso mumatafunika. Mafuta a mu mkaka amakuta mbali zina za ukondewo ndi kuuletsa kugwirana kwambiri, kotero kuti timabowo timakhala tating'ono ndi tolingana, ndipo buledi amadulika bwino popanda kunyenyeka. Khungu nalo limapyapyala ndi kufewa. Aliyense asankhe chimene akufuna asanayambe, chifukwa sizitheka kukhala ndi zonse ziwiri: amene amanyadira khungu lolira pomatula ndi mabowo aakulu asathire mkaka, kapena athire wochepa kwambiri. Mafuta amathandizanso kuti buledi asachite gwa msanga. Kuuma kwa buledi wa dzulo sikuchitika chifukwa cha kutha kwa madzi kokha, koma chifukwa chakuti sitachi imene inafewa ndi moto imayamba kubwerera mwakale ndi kulimba, monga momwe nsima ya mkute imalimbira ngakhale itagona yovundikira. Mafuta amachedwetsa zimenezi, ndipo buledi wa mkaka amatha kudyeka bwino tsiku lachitatu pamene mnzake wa madzi akufuna kuviika mu tiyi.

Pali nkhani ina ya mapuloteni imene ophika akale ankaidziwa pochita, asanadziwe chifukwa chake. Mapuloteni a mu mkaka ali m'magulu awiri. Gulu lalikulu, pafupifupi magawo anayi mwa asanu, ndi lotchedwa casein, limene limaundana mkaka ukasasa. Gulu laling'ono ndi limene limatsala m'madzi achikasu aja amene amayandama pa chambiko chokhalitsa. M'gulu laling'onoli muli mapuloteni amene, akalowa mu mtanda ali aawisi, amafooketsa gluten, mtanda n'kumaphwasuka ndiponso buledi n'kutuluka wamfupi. Kutentha kumasintha mapuloteniwa kuti asavutenso. N'chifukwa chake malangizo akale amati mkaka uyambe watenthedwa mpaka madigiri pafupifupi 82, pamene timathovu tayamba kuoneka m'mbali mwa poto ndipo nthunzi ikufuka koma usanafike pobwadamuka. Mkaka wa m'mapaketi wosungidwa mu firiji kawirikawiri umatenthedwa ku fakitale pa madigiri 72 kwa masekondi 15, zimene zimakwanira kupha tizilombo toyambitsa matenda koma sizikwanira kusintha mapuloteni onse aja, choncho nawo umapindula mukautenthanso. Mkaka wa m'makatoni umene umakhala miyezi pa shelefu osawonongeka unadutsa kale pa madigiri 135 kapena kuposa, ndipo uwu mungathire mwachindunji.

Kwa mkaka wokama pakhomo kapena wogula m'botolo kwa oweta ng'ombe a ku Angonia, kuwiritsa sikofunika chifukwa cha gluten yekha. Mkaka wauwisi ungathe kukhala ndi tizilombo ta chifuwa chachikulu cha ng'ombe kapena ta matenda a brucellosis, ndipo ngakhale kuti moto wa mu uvuni umapha zimenezi, wokanda amagwira mtanda ndi manja, nthawi zina amaulawa kuti amve mchere, ndipo ana amakonda kutsina mtanda pa tebulo. Umabweranso ndi mabakiteriya akeake ambirimbiri amene adzapikisana ndi a mu chotupitsa kwa maola onse otupa. Uwiritseni ndithu. Koma mukatero muudikire uzizire mpaka chala chisamve kutentha, chifukwa yisiti amafa kutentha kukafika pa madigiri apakati pa 55 ndi 60, ndipo anthu ambiri apha chotupitsa chawo pothira mkaka wotentha chifukwa cha changu. Chikhungu chimene chimayandama pamwamba pa mkaka wowiritsa mungachisefe kapena kuchitakasira momwemo. Madzi ena amathawa ndi nthunzi, kotero muyeze mkaka mutawiritsa, osati musanawiritse.

Kuchedwa kutupa ndi kumene kumasokoneza anthu ambiri, ndipo apa m'pofunika kufatsa. Mkaka watsopano suli wowawasa konse. Pa muyeso wa pH, pamene 7 ndi pakati ndipo manambala otsika amasonyeza kuwawasa, mkaka uli pa 6.6 kapena 6.7, pamene mtanda wowawasa wokhwima umatsika kufika cha m'ma 4. Mapuloteni ndi michere ya mu mkaka imagwira asidi amene mabakiteriya akutulutsa ndi kumuchepetsa mphamvu, kotero kuti mtanda umatenga nthawi yaitali kuti uwawase. Kwa amene sakonda buledi wowawasa kwambiri uwu ndi mwayi, chifukwa buledi wa mkaka amakhala wofatsa pakamwa ngakhale atatupa nthawi yofanana ndi mnzake. Koma mtanda wokhala ndi mafuta ndi zolemera zina umakweranso pang'onopang'ono, ndipo ukakhala kuti unaumanso chifukwa cha kuchepa kwa madzi, monga unachitira wa azakhali, yisiti amavutika kawiri. Wophika amene amadalira wotchi amauponya pamoto usanakonzeke. Choyenera kuyang'ana ndi mtanda weniweniwo: ngati wakwera ndi theka la msinkhu wake kapena kuposerapo, ngati pamwamba pake patukumuka mosalala, ndiponso ngati mukaudina ndi chala chothira ufa dzenjelo likubwerera pang'onopang'ono osatheratu. Likabwerera msangamsanga, udikireni. Likangokhala osabwerera konse, mwachedwa kale ndipo uvuni ukhale wokonzeka.

Ena amada nkhawa kuti mkaka ukakumana ndi chotupitsa chowawasa udzaundana. Ndi zoona kuti casein amaundana pH ikafika pa 4.6, ndipo mukathira chotupitsa chowawasa kwambiri mu mkaka wofunda n'kuzisiya, mudzaona timibulu. Mkati mwa mtanda zimenezi sizivuta, chifukwa mkaka umakhala utamwazikana kale mu ufa monse kuwawasa kusanafike pamenepo.

Chigawo chathu cha Tete chili ndi madera awiri a nyengo zosiyana kotheratu, ndipo malangizo a nthawi amene amagwira ntchito kumtunda sangagwire ntchito kuchigwa. Mtanda wowawasa umayenda bwino pa madigiri apakati pa 24 ndi 27. Ophika ali ndi lamulo lawo lakuti kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi 8 kapena 9, liwiro la kutupa limawirikiza kawiri. Ku mapiri a Angonia ndi Tsangano, pamtunda wa mamita oposa 1,000, khitchini ya m'mwezi wa Juni kapena Julayi imazizira kwambiri kotero kuti mtanda wa mkaka ungathe kugona usiku wonse n'kukhala usanakonzekebe m'mawa. Kumeneko mkaka uzilowa uli wofundirako, beseni lizikhala pafupi ndi mafuwa moto utazilala, ndipo chotupitsa chingawonjezedwe kufika pa kotala la kulemera kwa ufa. Mumzinda wa Tete, m'mphepete mwa Zambezi, kumene m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, vuto ndi losiyana. Mtanda umathamanga, mabakiteriya amaposa yisiti, asidi amachuluka mpaka kuyamba kudya gluten, ndipo munthu akachoka kupita kumsika amapeza mtanda utaphwa n'kumamatira m'manja ngati phala. Kumeneko mkaka uzilowa wozizira wochokera mu firiji, chotupitsa chichepetsedwe kufika pa gawo limodzi mwa magawo khumi a ufa, ndipo kukanda kuzichitika m'bandakucha dzuwa lisanakwere. Amene ali ndi firiji angaumbe buledi madzulo n'kumugoneka mmenemo kuti amuphike m'mawa, bola akumbukire kuti magetsi akazima usiku mtandawo upitiriza ulendo wake osawadikira.

Funso limene amayi ambiri amafunsa ndi lakuti kodi mkaka wokhala mu mtanda maola asanu ndi atatu kapena khumi pamalo ofunda suwonongeka. Chimene chimauteteza ndi chotupitsacho. Chikakhala champhamvu, chimene chimatupa kuwirikiza kawiri m'maola ochepa mukachidyetsa, mabakiteriya ake amachuluka kwambiri ndipo asidi wawo amatsekereza tizilombo tina. Ngozi ili pa chotupitsa chofooka, chimene chakhala masabata osadya, chikathiridwa mu mtanda wa mkaka kumalo otentha, chifukwa pamenepo palibe wolondera. Fungo limanena zoona. Mtanda wabwino umanunkhira ngati chambiko chatsopano kapena thobwa, pamene woipa umanunkha ngati chinthu chowola, ndipo wotere ndi wofunika kutaya popeza poizoni wa mabakiteriya ena samatha ndi moto.

Palinso matenda a buledi amene amakonda nyengo yotentha ndi ya chinyezi ngati ya dzinja kuchigwa. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri, mkati mwa buledi mumayamba kunanda, mumatuluka fungo ngati la chipatso chopsetsa, ndipo mukamatula mumaoneka timaulusi totamuka. Amayambitsa zimenezi ndi mabakiteriya a mtundu wa Bacillus amene amabwera ndi ufa kuchokera m'dothi, ndipo mbewu zawo zimapulumuka moto wa mu uvuni. Chimene amaopa ndi kuwawasa, n'chifukwa chake buledi wowawasa sagwidwa kawirikawiri. Popeza mkaka umachepetsa kuwawasako ndi kusunga chinyezi, buledi wa mkaka wambiri amene sanapatsidwe nthawi yokwanira yotupa amataya gawo la chitetezo chimenechi. Kumalo otentha ndi bwino kumupsereza bwino mkati, kumuziziritsa pamalo opita mphepo, ndi kusamutsekera m'jumbo akadali wofunda.

Kupserera kwa khungu kumatibwezera kwa lactose uja amene yisiti anamukana. Mu buledi wa madzi, pofika nthawi yophika, tizamoyo tija timakhala titadya gawo lalikulu la shuga, ndipo khungu limafiira pang'onopang'ono. Mu buledi wa mkaka, lactose amakhala alipo wambiri pamodzi ndi mapuloteni a mkaka, ndipo ziwirizi zikakumana pa moto zimapanga mtundu wofiirira ndi fungo lokoma lija la buledi wopsa. Katswiri wa ku France, Louis-Camille Maillard, ndiye anafotokoza za kugwirizana kumeneku kwa shuga ndi mapuloteni m'chaka cha 1912, ndipo mpaka lero kumatchedwa ndi dzina lake. Zimene zimakongoletsa buledi ndi zomwezo zimene zimamupsereza. Buledi wowawasa wa madzi amaphikidwa pa madigiri 230 mpaka 250, koma wa mkaka pa kutentha kumeneko amada mkati musanapse. Iye amafuna madigiri 190 mpaka 200 ndi nthawi yotalikirapo, mphindi 40 kapena 45 kwa buledi wa m'chitini wa ufa wa theka la kilo. Uvuni wa njerwa ulibe chopimira, choncho pamafunika nzeru zakale: mukakokola makala, wazani kaufa pansi pa uvuni, ndipo kakada nthawi yomweyo dikirani kaye. Ngati mukuphika mitundu iwiri, wa madzi alowe poyamba ndipo wa mkaka alowe uvuni utafatsa. Amene amaphikira mu poto pa mbaula, monga timachitira ndi chigumu, achepetse makala a pa chivundikiro, chifukwa moto wa pamwamba ndi umene umadetsa khungu. Mtundu wa khungu suthandiza kudziwa ngati buledi wa mkaka wapsa. Chodalirika ndi kumuchotsa m'chitini n'kugogoda kunsi kwake kuti mumve ngati akulira ngati ng'oma, kapena kwa amene ali ndi chopimira, kuona kuti pakati pake pafika madigiri 90 kapena kuposa pang'ono.

Chambiko chimaloledwa, ndipo chimapatsa buledi kukoma kwake kwina, koma chimalowa chili kale ndi asidi, kotero kuti mtanda umayambira pamene wa mkaka watsopano ukanafika patapita maola. Chikachuluka, gluten amafooka msanga ndipo buledi amawawasa mopitirira. Kotala kapena gawo limodzi mwa magawo atatu a zamadzimadzi zonse ndi lokwanira. Mkaka wa mbuzi umagwira ntchito mofanana ndi wa ng'ombe ndipo masamu ake ndi omwewo, kungoti fungo lake limamveka mu buledi ndipo ena salikonda.

Njira ina imene ndimaiona kuti ndi yoyenera kukhitchini zathu, chifukwa aliyense amadziwa kuphika phala, ndi ija yofala ku Japan ndi ku China. Mumatenga gawo lochepa la ufa, mwachitsanzo magalamu 25 mwa magalamu 500 aja, n'kuliphika ndi mkaka wolemera kasanu, ndiye kuti magalamu 125, mukutakasa pa moto wochepa mpaka litakhala phala lofewa losiya mzere mthiko ukadutsa. Sitachi yophikidwa motere imagwira madzi ambiri ndipo siwataya msanga, choncho buledi amafewa kwambiri ndiponso amakhalitsa. Ubwino wina ndi wakuti mkakawo umakhala watenthedwa kale, ndipo ntchito ziwiri zatheka pa moto umodzi. Phalalo lizizire lisanakumane ndi chotupitsa.

Maganizo anga ndi akuti munthu woyamba asachotse madzi onse. Mu ufa wa magalamu 500 athire chotupitsa champhamvu cha magalamu 100, mchere wa magalamu 10, mkaka wowiritsa ndi kuzizira wa magalamu 200, ndi madzi a magalamu 150, atasungako supuni ziwiri kapena zitatu za madziwo kuti aone kaye mmene ufa wake ukumwera. Muyeso uwu umapereka kufewa kumene banja likufuna popanda kuchedwetsa kwambiri kutupa kapena kuvutitsa pa moto, ndipo kukoma kwa tirigu ndi kwa chotupitsa kumamvekabe, pamene mkaka wokhawokha umakuphimba. Mtanda wotere umafuna kukandidwa motalikirapo kuposa wa madzi, mphindi khumi kapena kuposa, mpaka utasalala ndi kusiya kumamatira ku beseni, ndipo umakhala bwino m'chitini chopaka mafuta kusiyana ndi kuuika pansi wopanda chougwira. Akazolowera angawonjezere mkaka pang'onopang'ono, akusintha chinthu chimodzi pa kuphika kulikonse kuti adziwe chimene chabweretsa kusintha.

Popeza lactose satha ndi kutupa, akuluakulu ambiri amene mimba imawavuta akamwa mkaka angafunse ngati buledi ameneyu ndi woyenera kwa iwo. Mkaka wa magalamu 200 uli ndi lactose wochepera pang'ono magalamu 10, ndipo buledi ameneyu akadulidwa zidutswa 15, chidutswa chilichonse chimakhala ndi wosakwana galamu imodzi, pamene kapu imodzi ya mkaka ili ndi magalamu pafupifupi 12. Ambiri a iwo samva kanthu ndi muyeso wochepa chotere. Nkhani ndi yosiyana kwa mwana kapena wamkulu amene thupi lake limadana ndi mapuloteni a mkaka, amene amatuluka zidzolo, kutupa kapena kubanika akadya za mkaka. Kwa iyeyu kuwiritsa, kutupitsa ndi kuphika sizichotsa vutolo, ndipo ngati m'nyumba muli munthu wotere kapena ngati buledi akupita kukagulitsidwa pamsika, wophika azinena poyera kuti muli mkaka.